Mlandu wa soketi imodzi m'nyumba za lendi

M'nyumba zambiri za lendi ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, chipinda chimakhala ndi soketi imodzi, ndipo pena nyumba yonse imadalira soketi ya pabalaza. Pa soketi imeneyo amalumikizapo ekisitenshoni, pa ekisitenshoniyo nkulumikizanso ina, kenako mafoni a bambo, mayi ndi ana, TV, dikoda, wailesi ndi tochi zonse nkupeza malo. Kukacha, simbi ndi ketulo zimafunanso pomwepo. Poti mita imakhala imodzi papoloti yonse, malamulo amachuluka. Eni nyumba ena amawerenga zipangizo zimene banja lili nazo kuti adziwe ndalama ya mayunitsi imene lizisonkha, ena amaletsa kuti munthu wa kunja kwa mpanda abwere kudzatchaja foni, ndipo anthu oyandikana zitseko amayang'anana ndi diso lofiira mayunitsi akatha mwezi usanafike pakati. Mikangano imeneyi ili ndi maziko ake, koma kawirikawiri imagwera pa chinthu chosalakwa. Chimene chimamaliza mayunitsi komanso chimene chimayatsa moto ndi zipangizo zotenthetsa zikadutsa pa waya wosayenera. Choncho malamulo a papoloti ayenera kutsata mphamvu imene chipangizo chimakoka, ndipo udindo waukulu woonetsetsa kuti pakhoma pali masoketi okwanira ndi otetezeka ndi wa mwini nyumba.

Kuti timvetse chimene chinabala soketi imodziyi, tiyenera kuona mmene madera amenewa anakulira. Lilongwe atakhala likulu la dziko mu 1975, anthu anakhamukira mumzindawu mofulumira kuposa mmene nyumba zinkamangidwira. M'madera ngati Kawale, Biwi ndi Area 25 anthu ankapatsidwa mapoloti kuti amange okha, ndipo ambiri anadzaonjezera mizere ya zipinda za lendi kuseri kwa nyumba yaikulu. Chinsapo ndi Mgona anakula popanda ndondomeko yeniyeni ya mapoloti. Pa nthawi imene zipinda zambiri zotere zinkamangidwa, magetsi a munthu wamba ankatanthauza babu ndi wailesi, ndiye soketi imodzi inkaoneka yokwana. Foni zam'manja zinafika pambuyo pake: TNM inayamba mu 1995, Celtel imene lero ndi Airtel inabwera mu 1999. Pofika pa kalembera wa 2018, mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu 989,318, ndipo m'dziko lonse mabanja oposa theka anali ndi foni pamene mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse ndiwo ankaunikira ndi magetsi. Lero foni ndiyo chikwama cha ndalama kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, ndiyo msika wa wogulitsa kaunjika pa WhatsApp, ndiyo imene wakabaza amaimbiridwapo ndi makasitomala, ndipo mayunitsi enieniwo amagulidwa pafoni pomwepo. Zofuna magetsi zachuluka kangapo, koma makoma ndi mawaya akadali a m'nthawi ya babu ndi wailesi.

Tiyambe ndi nkhani ya ndalama, poti ndiyo imautsa mapokoso ambiri. Yunitsi imodzi ya ESCOM ndi mphamvu yokwana ma watts 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. Batire ya foni zamakono za Tecno, Itel kapena Samsung, imene nthawi zambiri imalembedwa 5,000 mAh, imasunga mphamvu yosakwana gawo limodzi mwa magawo 50 a yunitsi. Tikaphatikizapo mphamvu imene imatayika m'tchaja ngati kutentha, yunitsi imodzi imadzaza foni yotere maulendo pafupifupi 40. Munthu wotchaja foni yake tsiku lililonse samaliza yunitsi imodzi pamwezi, ndipo foni ya mabatani imadya zochepa kuposa pamenepa. Tsopano tione mbali inayo. Ketulo ya ma watts 2,000 ikawira kwa mphindi zisanu imadya mphamvu yokwanira kudzaza mafoni sikisi kapena seveni. Hotipuleti ya ma watts 1,500 ikayaka mwamphamvu kwa ola limodzi imamaliza yunitsi imodzi ndi theka, zimene zikufanana ndi kutchaja foni imodzi kwa miyezi iwiri. Banja lophika nyemba pamagetsi tsiku limodzi limadya zambiri kuposa mafoni onse a papoloti kwa sabata yathunthu. Ndiye mwini nyumba amene amathamangitsa mwana wa kuseri kwa mpanda wobwera ndi foni, koma osafunsa za hotipuleti yobisidwa pansi pa bedi, akulondera khomo lolakwika.

Nkhani ya moto imatsatanso masamu omwewa. Magetsi a m'nyumba ku Malawi ndi a ma volts 230, ndipo soketi yathu ndi ya mtundu wa ku Britain, ya mabowo atatu amakona. Soketi imeneyi pamodzi ndi pulagi yake inapangidwa kuti isanyamule kuposa ma amps 13, kutanthauza ma watts pafupifupi 3,000. M'kati mwa pulagi yeniyeni mumakhala fyuzi, kawaya kamene kamaduka dala katundu akapyola muyeso, kuti kupsa kuthere pomwepo m'malo mofalikira ku nthambo. Matchaja khumi a ma watts 20 iliyonse, onse akugwira ntchito nthawi imodzi, sakwana ma amps awiri. Ketulo yokha imakoka pafupifupi ma amps 9, hotipuleti 6 ndi theka, ndipo ziwirizi zikakumana pa ekisitenshoni imodzi zapyola kale 13. Chimene anthu ambiri sadziwa ndi chakuti kutentha kwa waya sikukwera mofanana ndi katundu. Magetsi odutsa pa waya akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi, ndipo akawirikiza katatu, kumawirikiza kasanu ndi kanayi. Nchifukwa chake ekisitenshoni imene yakhala chaka chonse ikunyamula mafoni ndi TV popanda vuto imatha kusungunuka tsiku limodzi lokha limene wina walumikizapo simbi madzi a tiyi ali pamoto.

Vutoli limakula chifukwa cha mtundu wa maekisitenshoni amene ali ponseponse, kuyambira mumsewu wa Malangalanga mpaka pamsika wa Nsungwi ku Area 25. Ambiri otchipa amaoneka onenepa kunja, koma ukasenda pulasitiki umapeza timawaya tochepa kwambiri m'kati, ndipo pena si kopa weniweni koma aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, amene amatentha msanga ndi kuthyoka mosavuta. Papaketi pamatha kulembedwa 13A kapena 3,000W pamene nthamboyo siyingapirire theka lake. Mapulagi ena alibiretu fyuzi, ena ali ndi fyuzi ya 13A yoteteza waya amene amapsa fyuziyo isanaganize zoduka. Kulumikiza ketulo ndi hotipuleti pa nthambo yotere kuli ngati kukweza matumba asanu a makala panjinga imene masipoko ake atsala owerengeka. Palinso tizitsulo ta m'kati togwira mano a pulagi, timene timafooka pakapita miyezi yochepa. Pulagi ikamagwedera pamatuluka timoto tating'ono, pulasitiki imayamba kuda, ndipo kafungo ka chinthu chopserera kamamveka. M'chipinda chimodzi mmene bedi, makatani, zovala ndi katoni ya mabuku zili moyandikana, nthambo yodutsa pansi pa matiresi kapena yokulungidwa mulu imasowa kotayira kutentha, ndipo moto ukayamba umapeza chakudya pafupi.

Pali malo ena padziko kumene anthu ambirimbiri amagona m'tizipinda ting'onoting'ono, akumagawana magetsi amene si awo, ndipo kumeneko nkhaniyi anaiganizira mofatsa. Awa ndi masitima akuluakulu apamadzi onyamula anthu okaona malo, monga a MSC Cruises amene amanyamuka ku Durban kupita m'magombe a Mozambique, aakulu kutalitali kuposa Ilala yathu imene yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951. M'zipinda za masitima amenewa, makamaka akale, masoketi amakhalanso ochepa, ena a ma volts 110 a mtundu wa ku America, ena a 220 a mtundu wa ku Europe. Panyanja palibe chinthu choopedwa ngati moto, poti kothawira kulibe. Komatu palibe amene amawerenga mafoni a apaulendo kapena kuwalipiritsa pa tchaja iliyonse. Zimene makampani ambiri amaletsa, nkulanda pokwera, ndi simbi, maketulo obwera nawo, zophikira, makandulo ndi maekisitenshoni ena. Kuletsako kumayendera limodzi ndi udindo: kampani imaika malo ochapira ndi kusita, imapereka madzi otentha, imayendera mawaya ake nthawi ndi nthawi, ndipo masitima atsopano amamangidwa ndi masoketi ambiri kuphatikizapo mabowo a USB pafupi ndi bedi. Mwini sitima anazindikira kuti munthu akasowa soketi amadzipangira njira, ndipo njira yodzipangirayo ndiyo imaotcha.

Sitinganyamule lamulo la m'sitima lonse nkulitula ku Mgona, ndipo zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba nchakuti wapaulendo wa m'sitima amadyera kuchipinda chodyera, pamene munthu wa lendi ayenera kuphika yekha. Kuletseratu hotipuleti ndi ketulo kumamukankhira ku mbaula, ndipo makala ambiri ofika mu Lilongwe akhala akuchokera m'nkhalango ngati Dzalanyama, kumene kumayambira mtsinje wa Lilongwe umene mzindawu umamwa. Mbaula yolowetsedwa m'chipinda chotseka m'miyezi yozizira ya June ndi July imaphanso anthu ndi mpweya wake woipa. Yankho ndi kupatsa zotenthetsa soketi yakeyake ya pakhoma, ya waya wokwanira, osati kuzithamangitsa. Chachiwiri chikukhudza maekisitenshoni oteteza zipangizo magetsi akabwera mwamphamvu, aja amalembedwa surge protector. M'sitima amaletsedwa kotheratu, ndipo mu 2013 bungwe la US Coast Guard linatulutsa chenjezo pa nkhaniyi moto utabuka m'zipinda za sitima ina yonyamula katundu. Chifukwa chake nchakuti m'masitima ambiri mawaya onse awiri amakhala ndi mphamvu, pamene zipangizozi zinapangidwira nyumba za pamtunda kumene waya mmodzi yekha ndiye amakhala wamoto. Kuno kumtunda chipangizo chotere ndi chothandiza, bola chikhale chenicheni ndipo nyumbayo ikhale ndi waya wopita m'nthaka. Chotengapo m'sitima ndi kaganizidwe kake: lamulo lizichokera pa mmene magetsi a pamalopo alili, ndipo woika lamulo azisenzanso gawo lake.

Kusiyana kwa mapulagi, kumene kumasokoneza apaulendo a m'sitima, kulinso m'nyumba zathu tsiku ndi tsiku. Katundu wobwera ndi abale a ku Joni amakhala ndi pulagi ya mano atatu obulungira, aakulu, amene salowa m'soketi yathu. Wochokera ku Mozambique komanso matchaja ambiri a ku China amakhala a mano awiri. Soketi ya mtundu wathu ili ndi tizitseko m'kati, totseka mabowo awiri a m'munsi mpaka dzino lalitali la pamwamba litalowa, ndipo tinaikidwa dala kuti mwana asapisemo msomali. Munthu wa tchaja ya mano awiri amatenga kamtengo, kiyi kapena chivindikiro cha bolopeni nkutsegula tizitsekoto mokakamiza. Mano obulungira akalowa m'mabowo amakona amatanula tizitsulo ta m'kati, ndipo kuyambira tsiku limenelo soketiyo siigwiranso bwino pulagi iliyonse. Choopsa kuposa apa ndi kudula pulagi yachilendo nkulowetsa mawaya osenda m'mabowo, nkuwapanikiza ndi timitengo ta machesi. Pamenepo palibe fyuzi, palibe waya wa m'nthaka, ndipo simbi kapena filiji ikaonongeka m'kati, thupi la woigwira ndilo limasanduka njira ya magetsi. Pulagi yatsopano ya mano atatu yokhala ndi fyuzi, yomangidwa ndi munthu wodziwa, imathetsa vuto lonseli pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi chipangizo chimene ikuteteza.

Wina angatsutse kuti matchaja nawonso amapsa, ndipo nkhani za foni zophulika kapena za anthu ogwidwa ndi magetsi akuyankhula pafoni ili kutchaja sizopeka. Izi nzoona, koma ngozi imeneyi ndi ya mtundu wina ndipo mankhwala ake ndi ena. Ntchito ya tchaja ndi kutsitsa ma volts 230 kufika pa 5 kapena kupitirira pang'ono, ndipo m'kati mwa tchaja yabwino muli mpata ndi zotchinga zolekanitsa mbali ziwirizi. Tchaja yachinyengo imapangidwa mopanikiza ndi mosiya zida zina, kotero chinyezi pang'ono kapena kugwa pansi kumatha kuchititsa kuti magetsi a pakhoma afike ku chitsulo cha foni. Batire nayonso ili ndi khalidwe lake. Mabatire a lithium amadana ndi kutentha, kuboola ndi kupindika, ndipo akayaka savuta kufalitsa moto. Ngakhale kampani yaikulu ngati Samsung inachotsa pamsika foni ya Galaxy Note 7 mu 2016 chifukwa cha mabatire oyaka, ndipo m'ndege pawabanki saloledwa m'chikwama chopita kunsi kwa ndege. Batire yotupa, foni yotchajidwa pansi pa pilo ndi pawabanki yosiyidwa padzuwa pawindo ndi zoopsa ngakhale m'nyumba muli foni imodzi yokha. Choncho kuchepetsa chiwerengero cha mafoni papoloti sikuchotsa ngoziyi. Chimene chimaichotsa ndi tchaja yabwino ndi malo abwino otchajirapo, pouma, polimba, poonekera.

Kuzimazima kwa magetsi kumaonjezera moto pa zonsezi. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene EGENCO yakhala ikuyendetsa makina kuyambira pamene inapatulidwa ku ESCOM mu 2017. Madzi akachepa kapena zinyalala zikatseka makina, dziko lonse limamva. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu January 2022, ma megawatts pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, ndipo mdima wa maola ambiri unapitirira mpaka siteshoniyo itabwerera mu 2023. Minda ya sola ya ku Salima ndi ku Golomoti yathandiza, koma sinathetse vutoli. Zotsatira zake m'chipinda cha lendi nzakuti ntchito zimene zikanamwazikana tsiku lonse zimaunjikana m'maola ochepa. Magetsi akangoyaka aliyense amathamangira kusita, kuwiritsa madzi, kuphika ndi kutchaja, pa soketi imodzi yomweyo, ndipo mabanja onse a papoloti amachita chimodzimodzi pa waya mmodzi wochokera ku mita. Palinso ngozi ya simbi kapena hotipuleti imene inali yoyatsa pamene magetsi ankazima. Mwini wake amaiwala nkupita kumsika kapena kukagona, magetsi nkubwera pakati pa usiku. Apanso tikuona kuti tchaja yoiwalika pakhoma siiopsa ngati chotenthetsa choiwalika, ndipo chizolowezi choyenera kuphunzitsa ana ndi chozula zotenthetsa zonse magetsi akangozima.

Eni nyumba ali ndi dandaulo lomveka. Amati ukaika masoketi ambiri ndiye kuti waitana zipangizo zambiri, ndipo mayunitsi adzatha mofulumira pamene anthu ena a lendi amavuta kusonkha. Koma soketi siidya magetsi. Banja limene lili ndi ketulo lidzaigwiritsa ntchito kaya pakhoma pali soketi imodzi kaya zinayi, ndipo kusiyana kwake nkwakuti pa soketi imodzi ketuloyo idzadutsa pa ekisitenshoni yotchipa. Gwero la mkangano ndi mita yogawana. Pamene mabanja asanu ndi atatu akudya m'mbale imodzi ya mayunitsi, wosamala amalipirira womwaza, ndipo palibe amene ali ndi chifukwa chozimitsira chilichonse. Kugawanaku kumalandanso osauka mwayi umene unaikidwira iwo omwe. Pa mitengo ya ESCOM ya m'nyumba, mayunitsi 50 oyamba pamwezi amakhala otsika mtengo kuti banja logwiritsa ntchito magetsi ochepa lipepukidwe. Banja la mababu atatu, TV ndi mafoni likanakhala ndi mita yakeyake likanatha mwezi wonse lili m'mayunitsi otchipawo, koma pa mita yogawana mayunitsi 50 amatha m'masiku ochepa ndipo onse amagula otsalawo pa mtengo wokwera. Njira yabwino koposa ndi mita ya banja lililonse. Pamene izi zikuchedwa, timamita ting'onoting'ono toikidwa pakhomo lililonse kuseri kwa mita ya ESCOM timathandiza kuti aliyense alipire zimene wadyadi, ndipo kuzondana pawindo kumatha.

Dandaulo lachiwiri ndi la mtengo. Mawaya, masoketi ndi zida zina zimachokera kunja, ndipo zinakwera kwambiri kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Mwini nyumba wa ku Chinsapo nthawi zambiri si munthu wolemera, pena ndi mayi wamasiye amene zipinda zitatu za kuseri ndizo penshoni yake, ndipo ndalama iliyonse imene waononga imadzabwerera pa lendi. Izi sizingakanidwe. Komabe tiyeze zinthu ziwiri. Kuika masoketi awiri kapena atatu a pawiri m'chipinda, pa waya wa kopa wa 2.5 mm² umene ndiwo muyeso wa masoketi, ndi ntchito yochitika kamodzi imene imatha zaka zambiri. Ekisitenshoni yotchipa imagulidwa mobwerezabwereza, ndipo ikayatsa moto denga limene limagwa ndi la mwini nyumba yemweyo, pa nyumba imene mwachidziwikire ilibe inshuwalansi. Pa bolodi payeneranso kukhala chozimitsa chimene chimadula magetsi pakangodontha ma milliamps 30 kupita m'nthaka kapena m'thupi la munthu, poti fyuzi imateteza waya koma siipulumutsa mwana wogwira waya wosenda. Ntchito yotere ndi ya amisiri amene anaphunzira, ngati otuluka ku Lilongwe Technical College ndi m'masukulu ena a pansi pa TEVETA, okhala ndi chilolezo cha MERA. Kukoka nthambo kuchokera kwa neba kudutsa pansi pa dothi kapena pamwamba pa malata ndi mlandu pa malamulo a magetsi, ndipo m'dzinja kumasandutsa bwalo losewerera ana kukhala msampha.

Pali gawo limene mwini nyumba ndi munthu wa lendi sangalikwanitse okha. Palibe amene angaone kukula kwa waya ali m'kati mwa pulasitiki, kapena kudziwa ngati tchaja yolembedwa dzina la kampani yotchuka ndi yeniyeni. Ntchito imeneyi ndi ya Malawi Bureau of Standards, imene yakhalapo kuyambira 1972, ndipo malo oyenera kuigwirira ndi pamene katundu akulowa, ku Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe, komanso m'nyumba zosungiramo katundu za oitanitsa. Kulanda maekisitenshoni khumi kwa mnyamata woyenda nawo m'manja pa depoti sikusintha kanthu ngati kontena yonse inadutsa. Ogulitsa amanena kuti anthu amafuna zotchipa, ndipo nzoona kuti thumba la ambiri ndi lopyapyala. Koma wogula amasankha zotchipa akukhulupirira zimene zalembedwa papaketi. Ekisitenshoni yopyapyala yolembedwa moona kuti ndi ya ma amps 5, yokhala ndi fyuzi yolingana nayo, ndi katundu wabwino wa mafoni ndi TV. Imasanduka yakupha ikanamiza kuti ndi ya 13. Mayiko ena akuchitapo kanthu ngakhale pa mtundu wa tchaja: kuyambira pa 28 December 2024 foni zatsopano zogulitsidwa m'mayiko a European Union ziyenera kukhala za bowo la USB-C. Malawi alibe msika waukulu wolamula opanga mafoni, koma ali ndi mphamvu yokana katundu wabodza pachipata chake.

Tisaiwale anthu ambiri a ku Mgona, Chinsapo ndi m'mbali mwa Area 23 amene m'nyumba mwawo mulibiretu soketi. Iwo amatchajitsa foni kumabenchi a pamsika, m'mababashopu, m'nyumba zoonetsera mpira kapena pa kasola ka padenga. Tikatsata masamu a pamwambapa, ndalama imene amalipira pa foni imodzi imaposa kutali mtengo wa magetsi amene alowa m'foniyo. Izi sizikutanthauza kuti wotchajitsayo ndi wakuba, poti amalipira malo, amagula matchaja, amakhala pamenepo tsiku lonse ndipo foni ikasowa mlandu ndi wake. Chimene zikuonetsa nchakuti wosauka kwambiri ndiye amagula magetsi pa mtengo wokwera kwambiri, nkusiyanso foni yake, ndi ndalama zake za pafoni, m'manja mwa ena kwa maola angapo. Mabenchi amenewa amasonyezanso poyera mfundo ya nkhani ino. Bolodi ya matchaja makumi atatu imaoneka yoopsa m'maso, koma katundu wake sakwana theka la ketulo imodzi. Pamene pamafunika kusamala ndi pa malumikizidwe opota ndi manja, pa matchaja achinyengo ndi pa waya wobwerekedwa umene wadutsa m'mashopu asanu, pamene wina kumapeto kwake walumikizapo makina owotcherera zitsulo kapena chokazingira tchipisi.

Munthu wa lendi nayenso ali ndi gawo lake, ndipo ndi losafuna ndalama zambiri. Chotenthetsa chilichonse chizilowa m'soketi ya pakhoma mwachindunji, chimodzi pa nthawi imodzi. Ekisitenshoni ikhale ya mafoni, TV ndi wailesi, isalumikizidwe pa inzake, isadutse pansi pa matiresi kapena kalipeti, ndipo ikayamba kufunda m'manja kapena kuda m'mabowo itayidwe. Fyuzi ikaduka ilowedwe m'malo ndi fyuzi ina, osati kawaya kapena pepala la siliva la m'paketi ya fodya. Koma malangizo amenewa amagwira ntchito pokhapokha pakhoma pali soketi yoposa imodzi, ndipo apa ndi pamene nkhani imabwerera kwa womanga nyumba. Pofunsa nyumba anthu amafunsa za madzi, chimbudzi ndi chitetezo cha mpanda. Yakwana nthawi yofunsanso kuti masoketi alipo angati, mita ndi ya mabanja angati, ndipo anaika mawaya ndani. Khonsolo ya mzinda wa Lilongwe, mafumu a m'madera ndi makomiti a chitukuko angathandize kuti mafunso amenewa akhale chizolowezi, monga mmene chimbudzi chinakhalira chinthu chimene mwini poloti sangachizembe. Mwini nyumba wolandira lendi ya chipinda cha magetsi akugulitsa magetsiwo pamodzi ndi chipindacho, choncho ayenera kuwapereka mu njira imene banja la lero lingawagwiritsire ntchito popanda kuika moyo pachiswe.